Gemu ikafika pokoma kompyuta imathima: kodi ndigule RAM ina?

Funso lachokera kwa wowerenga wina wa ku Zomba. Akuti: "Ndinagula kompyuta ya patebulo yogwiritsidwapo kale ntchito. Ili ndi Core i5, RAM ya 8GB, ndipo wogulitsa anandiikiramo graphics card ya GTX 1060. Kulemba, kuonera mavidiyo, intaneti, zonse zikuyenda bwinobwino. Koma ndikatsegula GTA V, pakatha mphindi 20 kapena 30, nthawi zina gemu imangotseka n'kundibweza pa desktop, nthawi zina kompyuta yonse imathima ngati magetsi apita, chonsecho mababu akuyaka. Masana ndiye zimanyanya. Ndaifomata kawiri koma palibe chasintha. Anzanga akuti ndigule RAM ina. Kodi ndigule?"

Achimwene, ndalama ya RAM ija (memory yomwe kompyuta imasungamo zomwe ikugwiritsa ntchito panthawiyo) yambani mwaisunga kaye. Kufomatanso lekani, chifukwa mwayesa kawiri ndipo yankho mwalimva: Windows yatsopano, vuto lomwe lija. Zimenezi zatithandiza kale, popeza zikusonyeza kuti mbali yaikulu ya nthendayi ili m'zitsulo, m'kati mwa bokosimo. RAM ya 8GB ndi yomwe a Rockstar Games, eni ake a gemuyi, analangiza pomwe GTA V inatuluka pa kompyuta mu Epulo 2015, ndipo graphics card (khadi yopanga zithunzi za pa sikirini) yomwe analangiza inali GTX 660, yofooka kwambiri poyerekeza ndi yanuyo. Pa pepala, makina anu akukwanira ndi kutsalako.

M'funso lanu ndikuonamo matenda awiri omwe mwawamanga mtolo umodzi. Gemu ikatseka yokha koma Windows n'kutsala ikuyenda, nthawi zambiri mlandu umakhala wa driver (pulogalamu yomwe Windows imayendetsera khadi), mafayilo a gemuyo, kapena memory ya pakhadi itadzaza. Kompyuta ikathima psiti, osalemba uthenga, osaonetsa sikirini ya buluu, pamenepo Windows sinapatsidwe mpata ngakhale wotsanzika. Chomwe chimadula moyo mwa njira imeneyi kawirikawiri ndi kutentha kapena magetsi osakwanira. Ine ndingayambe ndi kuthimaku, chifukwa ndiko kumapha zipangizo, komanso chifukwa khadi yotentha kapena yoperewera magetsi imathanso kugwetsa driver. Mwina mukachiza kuthima, kutseka kuja kudzatha kokha.

Mawu awiri m'kalata yanu andikoka khutu: "mphindi 20 kapena 30", ndi "masana". Fayilo ya gemu ikaonongeka, gemu imagwa pamalo amodzimodzi nthawi zonse, kaya ndi m'mawa kaya ndi usiku, mwachitsanzo mukangolowa mu mishoni inayake. Vuto lomwe limadikira theka la ola n'kumakonda dzuwa likakhala paliwombo ndi vuto la chinthu chomwe chikutenthera pang'onopang'ono mpaka kufika polephera. Ngati mukukhala m'nyumba ya malata yopanda siling'i, mu Okutobala kapena Novembala, kompyuta yanu ikupuma mpweya womwe wayamba kale kutentha isanayambe n'komwe ntchito.

Tisaganizire, tiyeze. Tsitsani pulogalamu yaulere ya HWiNFO, muitsegule posankha Sensors, muisiye ikuyenda, kenako muyambe gemu. Pakatha mphindi 15, musanafike nthawi yomwe imathimira, tulukani ndi Alt ndi Tab muone mzere wa Maximum. Ma processor (ubongo wa kompyuta, monga Core i5 yanuyo) ambiri a Intel amayamba kudzichepetsa liwiro akayandikira madigiri 100, ndipo akapitirira amathimitsa makina kuti asapse. Pa gemu ngati iyi, Core i5 yozizira bwino imayenera kukhala cha m'ma 60 kapena 70. Mukaona 90 kupita m'mwamba, wakuba mwamugwira. GTX 1060 imayesetsa kusapitirira madigiri 83, ndipo malire omwe a NVIDIA, opanga khadiyi, anaika ndi 94. Pulogalamu yomweyi imatha kulemba manambalawa mu fayilo pomwe mukusewera, choncho ngakhale kompyuta ithime, mukaiyatsanso mudzaona pomwe kutentha kunafika. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Yesani kawiri, kamodzi m'mawa kukadali kozizira, kenako cha m'ma 2 koloko masana.

Ngati bandulo yatha, pali njira ya kumudzi yomwe ine ndimaikhulupirira kwambiri. Chotsani chitseko cha m'mbali mwa bokosi, mutenge fani ya m'nyumba muilozetse m'katimo, musewere. Kompyuta yomwe imathima pa mphindi 25 ikafika maola awiri osadandaula, simufunikanso katswiri woti akuuzeni kuti vuto ndi kutentha. Bokosi lili chotsegula choncho, yang'anani ndi maso ngati mafani onse akuzungulira gemu ili m'kati. Makhadi ena amaimitsa mafani ake dala pomwe palibe ntchito, ndiye musadabwe kuwaona ali chete pa desktop. Koma gemu ikayamba ayenera kuzungulira. GTX 1060 inatuluka mu 2016, ndipo makhadi ambiri a mtundu umenewu anagwira ntchito usana ndi usiku kwa anthu okumba ndalama za pa intaneti cha mu 2017 ndi 2018 asanagulitsidwenso. Fani ya khadi yotere imatha kukhala yotopa, yolira ngati njinga yopanda girisi, kapena yozungulira mwaulesi.

Mnyamata wina anandibweretsera kompyuta ya dandaulo ngati lanuli. Kunja inali yoyera, yopukutidwa bwino. Nditamasula fani ya pa processor ndinapeza fumbi litalukana ndi ubweya wa kapeti pakati pa fani ndi heatsink (chitsulo chomwe chimachotsa kutentha pa processor), lokhuthala ngati bulangete, moti ndinalinyamula lathunthu ndi zala ziwiri osaduka. Fani inkazungulira ndithu, mwini wake n'kumakhulupirira kuti zonse zili bwino, koma mphepo sinkadutsa. Pansi pake thermal paste (phala lodutsitsa kutentha kuchoka pa processor kupita ku heatsink) inali itauma gwa ngati matope a padambo m'chilimwe. Titatsuka n'kuika ina, gemu inatha tsiku lonse.

Potsuka, zulani pulagi kukhoma, dinikizani batani loyatsira kwa masekondi angapo, ndipo gwirani chitsulo cha bokosi musanakhudze chilichonse m'kati. Burashi yofewa yopentera ndi blower zikukwanira. Muziigwira fani ndi chala pouzira mphepo kuti isapete mopitirira muyezo. Nsalu yonyowa ayi. Thermal paste muike kadontho kofanana ndi njere ya nandolo pakati pa processor, mutachotsa yakale yonse. Ndamvapo ena akupaka mankhwala otsukira mano. Amenewo amauma m'masiku ochepa, vuto n'kubwerera litakula. Ndipo bokosilo lichoke pansi. Pa simenti kapena pa kapeti limakoka fumbi lililonse lomwe tsache ladzutsa, ndipo m'kabati yotseka limangopuma mpweya wake womwe.

Tsopano tiyerekeze kuti manambala a kutentha ali bwino koma ikuthimabe. Apa ndi pomwe ndikukayikira kwambiri, chifukwa cha mawu anu akuti wogulitsa "anandiikiramo" khadi. Makompyuta ambiri ogwiritsidwapo ntchito omwe amafika kuno anali a m'maofesi. Anapangidwira kulemba makalata, ndipo power supply yake (kabokosi kogawa magetsi m'kati mwa kompyuta) nthawi zambiri imakhala ya mawati osafika 300. GTX 1060 payokha imadya mawati 120, ndipo a NVIDIA amalangiza power supply ya mawati 400. Onjezerani Core i5 yomwe imafuna pakati pa 65 ndi 95 malinga ndi mtundu wake, kenako hard drive, mafani ndi motherboard. Pomwe mukulemba kalata khadiyo imakhala ikugona, n'chifukwa chake zonse zimaoneka bwino. Apolisi a mu Los Santos, mzinda wa mu gemuyi, akayamba kukuthamangitsani, magalimoto akuphulika, khadi ndi processor zimakoka mphamvu nthawi imodzi, power supply n'kudziteteza podula magetsi. Ndipo power supply ikatentha imapereka mphamvu yocheperako kusiyana ndi pomwe ili yozizira, ndiye nkhani ya masana ija ikulowanso pano.

Werengani pepala lomatidwa pambali pa power supply. Nambala yaikulu yolembedwa pamwamba musaikhulupirire msanga. Funani pomwe palembedwa +12V muone ma ampere ali pansi pake, muchulukitse ndi 12. Khadi ndi processor zonse zimadya pa mzere umenewu. Ngati palembedwa 18A, ndiye kuti muli ndi mawati 216 okha a ntchito yeniyeni, ngakhale pabokosi atalemba 500W ndi zilembo zofiira. Ma power supply otchipa opanda dzina amakonda bodza limeneli, ndipo mukawanyamula amapepuka ngati chitini chopanda kanthu.

Kenako tsatirani waya yemwe akulowa pamwamba kapena kumbuyo kwa khadi. GTX 1060 imafuna pulagi ya mabowo 6, chifukwa pomwe imalowa pa motherboard pamapereka mawati 75 okha ndipo otsalawo amadzera mu waya ameneyu. Ngati wayayo akuchokera mwachindunji mu power supply, zili bwino. Ngati mwapeza kachingwe kolumikizira komwe katengera magetsi pa pulagi ya SATA, ija ya hard drive, dziwani kuti pulagi ya SATA inapangidwira mawati pafupifupi 54 pa mzere wa 12V. Ndaonapo timapulagi totere titasungunuka, pulasitiki yake itada bii, fungo la kupsa lili m'chipinda chonse. Mukapeza kachingwe kotere, lekani kusewera kufikira mutakonza.

Pali njira yoyesera osagula kanthu. Mu pulogalamu ya MSI Afterburner, yomwe imagwira pa khadi ya kampani iliyonse, tsitsani Power Limit kufika pa 70 peresenti, ndipo mu gemu muyatse VSync kuti khadi isamathamange kupanga zithunzi zoposa zomwe sikirini yanu ingaonetse. Kuthima kukatha, ndiye kuti khadi inkapempha zomwe makina sangapereke. Mungathe kusewera choncho pomwe mukusonkhanitsa ndalama, ndipo kunena zoona kusiyana kwake pa maso n'kochepa. Koma power supply yeniyeniyo musaitsegule. M'kati mwake muli ma capacitor omwe amasunga magetsi oopsa ngakhale pulagi itazulidwa. Ikafa imasinthidwa basi.

Musaiwale khoma. Magetsi athu amayenera kukhala 230V, koma tonse timadziwa madzulo ena momwe mababu amafiirira. Ngati kompyuta ili pa ekisitenshoni imodzi ndi ayironi, ketulo kapena firiji, ichotseni ikhale pa soketi yakeyake, ndipo onani ngati pulagi sikugwedera. Amene ali ndi UPS (bokosi la batire lomwe limagwirizira kompyuta magetsi akazima) ayang'ane nambala yake: ka UPS ka 650VA kamanyamula mawati osafika 400, ndipo batire yake ikakalamba kamatha kukhala komwe kakuthimitsa kompyuta gemu ikalemera. Yesani tsiku limodzi popanda iko.

Windows nayo imasunga buku la milandu, ndipo anthu ambiri salitsegula. Dinani batani la Windows ndi R, lembani perfmon /rel. Mudzaona kalendala yokhala ndi timitanda tofiira pa masiku omwe china chake chinagwa. Dinani pa tsikulo muwerenge. Ngati palembedwa kuti GTA5.exe inasiya kugwira ntchito, onani dzina lomwe lili pa Fault Module Name. Limeneli limaloza fayilo yomwe inapunthwa. Mu pulogalamu ina ya Windows yotchedwa Event Viewer, pansi pa Windows Logs ndi System, kuthima kwadzidzidzi kumalembedwa kuti Kernel-Power, nambala 41. Anthu ambiri akaona mawu akuti Power amathamangira kukagula power supply, koma uthengawu umangonena kuti kompyuta inathima mosatsanzika, sunena chifukwa. Chothandiza chili m'kati mwake: pomwe palembedwa BugcheckCode, ziro amatanthauza kuti Windows sinaone chilichonse, moyo unangoduka, ndipo izi zikugwirizana ndi kutentha kapena magetsi. Nambala ina iliyonse ikutanthauza kuti panali sikirini ya buluu yomwe mwina inadutsa msanga inu osaiona. Kuti muziiona, pitani ku System Properties, Advanced, Startup and Recovery, muchotse chizindikiro pa Automatically restart. Ikadzabwera, jambulani ndi foni. VIDEO_TDR_FAILURE imaloza ku khadi kapena driver yake, MEMORY_MANAGEMENT kawirikawiri imaloza ku RAM, WHEA_UNCORRECTABLE_ERROR imanena kuti chitsulo china chalakwitsa, nthawi zambiri processor yotentha kapena yoperewera magetsi.

Tibwere ku nthenda yachiwiri, yobwezedwa pa desktop. Windows imayang'anira khadi nthawi zonse, ndipo khadi ikakhala masekondi 2 osayankha, Windows imaitsitsimutsa mokakamiza. Sikirini imada pang'ono, Windows imapulumuka, gemu imafa. Mu Event Viewer mudzaona uthenga wonena kuti display driver nvlddmkm inasiya kuyankha, ndipo GTA V nthawi zina imalemba ERR_GFX_D3D_INIT. Popeza mwafomata kawiri, ndikukayikira kuti driver yomwe muli nayo ndi yomwe Windows inadziikira yokha, kapena ya pa flash ya munthu yemwe anakufomatirani. Tsitsani driver ya GTX 1060 pa webusaiti ya NVIDIA yeniyeni, chotsani yakale ndi pulogalamu ya Display Driver Uninstaller muli mu Safe Mode, intaneti itathimitsidwa kuti Windows isakulowerereni, kenako muike yatsopanoyo. Fayilo yake ndi ya ma megabyte mazana angapo, choncho dikirani bandulo ya usiku. Mapulogalamu aja olonjeza kukonza ma driver onse ndi batani limodzi, atalikireni.

GTX 1060 ilipo ya 3GB ndi ya 6GB, ndipo simunanene yanu. Mu Settings ya GTA V, pa Graphics, pamwamba pali mzere wosonyeza Video Memory yomwe zosankha zanu zikudya. Ngati yanu ndi ya 3GB ndipo munayatsa Ignore Suggested Limits kuti zonse zikhale pa Very High, walira mvula walira matope. Tsitsani Texture Quality, thimitsani MSAA, chepetsani Grass Quality, ndipo za pa Advanced Graphics muzisiye pansi. Mzere uja utsale ndi mpata. Ngati gemu ikukana n'kutseguka komwe mutasintha zinthu, pitani ku Documents, Rockstar Games, GTA V, mufufute fayilo ya settings.xml, gemu idzapanga ina yatsopano.

Za mafayilo a gemu ndinena mwachidule. Ngati munagula pa Steam, pali Verify integrity of game files. Epic Games ndi Rockstar Games Launcher nazonso zili ndi batani lofanana nalo. Ma mod onse (zoonjezera zomwe anthu amaika okha mu gemu) achoke poyesa, chifukwa gemu ikalandira update ma mod akale amaigwetsa. Koma ngati gemuyo munakopera pa hard drive ya mnzanu, yothyoledwa kale, palibe chomwe ndingalonjeze. Antivirus imadya mafayilo ake ena mwakachetechete, ndipo ena mwa magemu otere amabwera ndi kapulogalamu kobisika kokumbira munthu wina ndalama pogwiritsa ntchito khadi yanu. Tsegulani Task Manager gemu isanayambe: khadi ikakhala ikugwira ntchito yolemera inu musakuchita kanthu, muli ndi mlendo wosaitanidwa, ndipo ameneyo akuonjezera kutentha komwe tikulimbana nako.

Nanga RAM ya anzanu ija? Ali ndi kachoonadi pang'ono. RAM ikachepa gemu imadodoma, imakoka miyendo, ndipo imatha kutseka ngati wina anathimitsa page file (malo a pa hard drive omwe Windows imagwiritsa ntchito RAM ikadzaza) poganiza kuti akufulumizitsa makina. Onani kuti Virtual memory, pomwe pamasinthidwa page file, ili pa System managed, ndipo tsekani Chrome musanayambe kusewera. Koma kuchepa kwa RAM sikuthimitsa kompyuta ngati kandulo. RAM yoonongeka ndi nkhani ina, ndipo kuyeza kwake n'kwaulere: Windows ndi R, lembani mdsched, mulole kompyuta iyambirenso. MemTest86 ya pa flash imafufuza mozama, muisiye usiku wonse ngati magetsi alola. Cholakwa ngakhale chimodzi n'chokwanira kuikayikira. Ngati muli ndi timitengo ta RAM tiwiri ta 4GB, zulani, pukutani mano ake agolide ndi labala wofufutira pensulo, mubwezere mpaka mumve kuti "tha", kenako muyese kamodzikamodzi. Kompyuta yomwe yayenda pa minibasi kuchokera ku Limbe kukafika ku Zomba imatha kungofuna zimenezi.

Chomwe ndimakangana nacho ndi makasitomala anga n'chakuti amasintha zinthu zisanu tsiku limodzi, vuto likatha sadziwa chomwe chachiza, likabwerera sadziwa pobwerera. Tengani kope. Lembani tsiku, nthawi, chomwe mwasintha, ndi mphindi zomwe gemu yatha isanagwe. Loweruka lino yambani ndi chitseko chotsegula ndi fani ya m'nyumba, HWiNFO ikuyenda. Bokosi lili chotsegula, jambulani pepala la pa power supply ndi waya wa pa khadi. Tsiku lotsatira tsitsani Power Limit. Driver ibwere pambuyo pa zimenezi.

Mutandifunsa kuti ndibetche, ndingaike ndalama yanga pa power supply yaing'ono yomwe fumbi ndi dzuwa la masana zikuimaliza. Zikatsimikizika, funani ya mawati 450 kapena 500 ya kampani yodziwika, yokhala ndi chizindikiro cha 80 Plus ndi waya wakewake wa PCIe wa mabowo 6 kapena 8. Musanapereke ndalama, yang'anani pulagi yaikulu yomwe ikulowa pa motherboard yanu. Yamasiku onse ili ndi mabowo 24, koma makompyuta ambiri a m'maofesi ali ndi pulagi yawoyawo ya mabowo 6 kapena 8, ndipo mabokosi ena ndi opapatiza moti power supply wamba silowamo. Ngati yanu ili choncho, nyamulani bokosi lonse popita kusitolo akayese pomwepo. Zikakanika, njira ina ndi kusinthanitsa GTX 1060 ndi khadi yosafuna waya wapadera, monga GTX 1050 Ti yomwe imadya mawati 75 ndipo a NVIDIA amaifunira power supply ya 300. GTA V imayendabe bwino pa khadi imeneyo mukatsitsa zokongoletsa pang'ono.